Mtsuko wa Mbewu pa Chilumba cha Nampeya

Kwa akulu a mpingo wathu.

Ndinayamba kudandaula za nkhaniyi mu Epulo 2002. Ndinalembanso mu Novembala chaka chomwecho, kenako mu 2004 abusa atsopano atafika, ndiponso mu 2006. Kalata iliyonse ndinkailemba pawiri, ndipo zotsala kwa ine zili m'chitini pamodzi ndi kapepala kanu konena kuti ine, Aroni Mukhuna, ndayamba ndaima pa ukulu wa mpingo mpaka nkhani ya kuba pa chilumba itafufuzidwa. Tsopano tili mu 2008. Wofufuzayo sanafike pakhomo panga, ndipo ku chilumbako sanawoloke.

Ndikulembanso chifukwa alamu anga a Fulaye, mlongo wawo wa akazi anga a Felesiya, akudwala. Atumiza mawu kuti tsiku lawo likadzafika, pemphero la kumanda ndidzachite ndine. Munthu woimitsidwa saloledwa kuimirira pa maliro. Choncho ndikufotokozerani chaka chonsecho mwezi ndi mwezi, popeza ambiri a inu munali musanakhale pa mipando imeneyo.

Okutobala 2001

Mvula ya dzinja lapitalo inachuluka. Minda ya m'munsi inamira, chimanga chinachita chikasu, ndipo pofika Okutobala nkhokwe yathu inali itatsala pansi penipeni. Ndinasankha zisononkho zabwino za chimanga cha makolo n'kuzigawa pawiri. Gawo lina linali lodzala kumunda ndi mvula yoyamba. Lina linali la kudimba, lodzala madzi akaphwa m'dambo mvula itatha. Pakati pa kudzala kuwiriko pali miyezi ya njala, ndipo aliyense wa kwathu kuno akudziwa zimene zimachitikira mbewu yogona m'nyumba ya munthu wanjala.

Makolo athu anali ndi njira yake. Mbewu amaithira mumtsuko pamodzi ndi phulusa, kukamwa kwake n'kumata ndi dothi, kenako kukaisungitsa kwa wachibale wa kutsidya la madzi, kumene sungafike msanga mimba ikakulamula. Posungitsapo umatchula nthawi yodzatengera, ndipo wosungayo amagwira mawu oyambawo basi.

Ine kutsidya la madzi ndinali nako. Mpingo womwewu ndi umene unandituma kuti ndiziwoloka kukachititsa mapemphero pa Nampeya, kachilumba ka m'nyanja ya Chilwa komwe a Fulaye anakwatira. Mu Okutobala nyanja imathawa. Unkayenda mtunda wautali pa matope osweka ngati mapale, dzuwa likuwotcha pamutu, kenako n'kukwera bwato pa kamadzi kofika m'chiuno. Pa chilumbapo pali nyumba zochepa, mlambe umodzi, mbuzi, ndi nsanja zoyanikira matemba. Palibe belu la njinga, palibe golosale. Umangomva mbalame ndi mphepo mu njedza, udzu wautali wa m'madzi. Ndinkakonda kupitako kuposa mmene ndinkauzira anthu.

A Fulaye anandilonjera m'Chilomwe monga mwa nthawi zonse, akusoka ukonde.

"Moseliwa, alamu? Lero mwatinyamulira mowa mumtsuko? Kani mpingo wasintha malamulo?"

"Ndi mbewu ya kudimba. Mundisungire."

Anasiya ukondewo. "Mpaka liti?"

Kutsogolo kwa doko kuli mwala umene akakowa amaterapo, woyera ndi zitosi zawo. Mvula ikagwa umamira. Ukatulukanso, anthu a m'mbali mwa nyanja amadziwa kuti dambo lauma mokwanira kudzala.

"Mpaka mwala wa akakowa utaonekanso," ndinatero.

"Nanga mukadzabwera mukulira?"

"Musadzandipatse."

"Nanga mlongo wanga akadzabwera akulira?"

"Musadzawapatse."

"A Dorofe, mwamva?" anafuulira akazi awo, amene ankapeta mpunga kukhonde. A Dorofe anati amva.

Ndinalemba panganolo pa mapepala awiri. A Fulaye analandira lawo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana uku ndi uku. "Ndi lofewa bwino," anatero, ndipo ine ndikuona anang'ambako kachidutswa n'kupichirira fodya. Langa ndikadali nalo. Mtsukowo anaumangirira kudenga pamwamba pa moto, kuti utsi uziteteza ku anankafumbwe.

Disembala

Tinadzala, tinapalira. Chimanga chinamera bwino ndithu, koma munthu sadya masamba a chimanga. Pa msika mtengo unkasintha iwe uli pa mzere. Mbale imene ankayezera inkaoneka ikucheperachepera, ndipo wogulitsa ankasalaza pamwamba pake ndi chala. Ku depoti anthu ankagona pakhonde kudikira galimoto imene ena ankati yanyamuka ku Limbe, ena ankati yafera pa mlatho. Kunamveka kuti chimanga cha dziko chinagulitsidwa kunja. Sindinaone ndi maso, ndiye sindinenapo zambiri.

Anansi anayamba ndi nkhuku, kenako mbuzi, kenako malata a padenga. Amuna ambiri anawolokera ku Mozambiki kukalima maganyu olipidwa makaka. Ife tinagulitsa wailesi.

Ndinapita ku Nampeya kukachititsa mapemphero a Khirisimasi. Madzi anali atabwerera, ndipo mwala unangotsala kansonga. Tinapemphera pansi pa mlambe, anthu osadzaza mphasa zitatu. A Dorofe anaphika mlamba ndi kampunga ka m'mbale imodzi. Podya ndinayang'ana kudenga kamodzi kokha.

"Ulipo, alamu," anatero a Fulaye osatukula mutu. "Ulibe miyendo."

Januwale 2002

Tinkadya kamodzi, madzulo. Gaga amene kale tinkapatsa nkhumba tinkamugula ndi ndalama. A Felesiya ankawiritsa kalongonda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, chifukwa wosapsa bwino amazunguza mutu. Mabanja ena analibe nkhuni kapena mphamvu zodikira, ndipo tinamva za ana amene anadzandira tsiku lonse ngati oledzera. Mango anatha adakali osakhwima. Anthu anayamba kukumba zitsa za nthochi.

Kumunda tinkalondera usana, chifukwa chimanga chinkathyoledwa chisanachite ndi ndevu zomwe. Ogwidwa ankamenyedwa koopsa. Ine ndemwe ndinalalikira Lamulungu lina kuti njala sichotsa lamulo lachisanu ndi chitatu. Mawu a ulaliki umenewo ndinawasunganso, ndipo sindikuwakana.

Ulendo wa mwezi umenewo bwato linadutsa pamwamba penipeni pa mwala, wopalasa n'kuugunda ndi nsungwi kuti ndimve. Pa chilumba nsanja zinali zopanda nsomba. Mphepo inkavuta, ndipo asodzi analibe mphamvu zopita kutali. Anthu ankazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi, n'kumawiritsa.

Potsanzika ndinalankhula ngati nthabwala. "Alamu, bwanji titsegule pang'ono, tingotapako chikho chimodzi? Dimba langa si lalikulu."

"Mwala mwauona?"

"Ndaumva."

"Sitinagwirizane zoumva," anatero, n'kundipatsa kathumba ka nyika. "Mukawapatse achemwali anga. Muwauze kuti mwamuna wawo wayamba kuonda nzeru."

Tonse tinaseka.

Febuluwale

Mapazi a a Felesiya anatupa. Ukadina ndi chala, dzenje linkatsala. Analeka kupita kumunda, kenako analeka kutuluka m'nyumba. M'mawa wina anandipempha phala. Sanadandaule, anangoti, "Bambo, phala la ufa weniweni, ngakhale lamadzimadzi." Takhala m'banja kuyambira ndili mnyamata, ndipo chinali chinthu choyamba kundipempha chimene ndinalephera kuwapatsa.

Ndinanyamuka popanda Baibulo. Wopalasa ndinamulipira malaya a jekete.

Ndinapeza a Fulaye kulibe, ali ku nyanja. A Dorofe anali gone pamphasa mkati, ndipo atadzuka ndinaona kuti chitenje achizunguliza kawiri. Ndinawauza chimene ndabwerera.

"Dikirani eni ake abwere, alamu."

"Mwini wake ndine."

"Ndinalipo tsiku lija. Ndinamva zimene munanena."

Ndinakwera pa mtondo n'kumasula chingwe. Unali usana, chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinawauza kuti akauze amuna awo kuti watenga ndi Aroni. Izi muzilembe, chifukwa zimene zinafika kwa inu zinali zakuti ndinaboola khoma.

Pa doko panali anthu: asodzi obwera kumene, ndi ogula nsomba ochokera kumtunda, mmodzi wa iwo Bizwiki wa m'mudzi mwathu, woimba mu kwaya yathu. Ndili pafupi kukwera bwato, a Fulaye anatsika m'lawo. Anayang'ana ine, anayang'ana mtsuko.

"Tulani pansi, alamu."

"Mlongo wanu watupa."

"Ndikudziwa. Tinayamwa bere limodzi, musandiphunzitse. Tulani."

"Ndi chimanga changa!"

"Amene anandisungitsa anali munthu wokhuta, woganiza bwino. Inu sindikukudziwani. Mukaphika lero, mudya sabata imodzi. Nanga mu Epulo mudzadzala chiyani, mapepala anu aja?"

Anagwira mtsuko, ine osausiya. Amuna awiri a imvi tinakokana m'matope a pa doko mpaka tonse tinagwa, iwo chagada atakumbatira mtsuko pachifuwa kuti usasweke, ine chafufumimba. Wina amene sanadziwe chiyambi chake anakuwa kuti, "Wakuba!" Asodzi anandigwira, kundipotoza manja kumbuyo n'kundimanga ndi chingwe cha ukonde. Nsapato imodzi inatsala m'matope. Wina anandimenya khofi. Anthu amene mwezi wathawo ndinawadalitsa pansi pa mlambe anaima mondizungulira.

"Mmasuleni!" anakalipa a Fulaye akupuma movutika. "Mwapenga kodi? Chimanga ndi chake."

"Nanga mukulimbirananji, madala?"

"Ndi chake, koma si cha lero."

Anandimasula. A Fulaye anatola nsapato yanga, kuitsuka m'nyanja, n'kundiveka okha. Kenako anatenga milamba iwiri, nsomba zonse zimene anapha tsikulo, n'kuziponya m'bwato limene ndinakwera. Mtsuko anabwerera nawo kumtunda. Bizwiki ndi ine tinawoloka m'bwato limodzi, ndipo ulendo wonsewo sanandiyang'ane.

A Felesiya anamwa msuzi wa mlamba masiku angapo. Sindinawauze kanthu, koma pofika Loweruka anali atamva kwa amayi a pa chitsime.

Malichi

Kapepala kanu kanabwera ndi mlembi wa mpingo. Lamulungu lotsatira zinalengezedwa kutsogolo, pakati pa chilengezo cha maliro ndi cha kusesa pa tchalitchi. Ndinanyamuka pa benchi la akulu n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene ndakhala mpaka lero. Palibe anandiitana kuti ndifotokoze. Palibe anafunsa kuti chobedwacho chinali cha yani.

Mwezi womwewo kolera analowa m'madoko. Uthenga unabwera kuti a Dorofe atisiya. Kaya anali matendawo, kaya njala, kaya zonse ziwiri, sindikudziwa. A Felesiya sakanatha kuyenda, ndiye ndinayenera kupita ndine. Kunena zoona, ndinafika pa doko la kwathu n'kubwerera, kenako n'kupitanso.

Madzi anali pa msinkhu wake wonse, njedza zitamira mpaka m'khosi. Pa chilumba panali zii, ngakhale kulira kwa maliro kunali kwapansipansi, chifukwa kulira kumafunanso mphamvu. Ndinalowa m'nyumba kukapepesa. Thupi linali pamphasa, laling'ono ngati la mwana. Pamwamba pake penipeni, mtsuko wanga unali lende, wakuda ndi utsi, dothi la kukamwa kwake losakhudzidwa.

Mayi ameneyo anagona miyezi yonseyo akuyang'ana chimanga chimenecho. Sichinali kutsidya la madzi kwa iye. Ine ndinachichotsa m'nyumba mwanga kuti chisandiyese, n'kukachipachika pamutu pa anthu ena, ndipo mpaka tsiku limenelo zinali zisanandilowe m'mutu.

Adzukulu anabwera kuchokera kumanda atakumba dzenje m'nthaka ya miyala. Mwambo ndi wakuti adye. Chimene chinalipo chinali nyika zowiritsa m'beseni. Ndinaona awiri a iwo akusuzumira kudenga kudzera pakhomo. Ndinakokera a Fulaye kuseri kwa nyumba.

"Alamu, tsitsani mtsuko uja. Usinjidwe, adzukulu adye. Ndikunena ndine mwini wake, ndipo lero sindikulira."

Maso awo anali ofiira. Anayang'ana ku doko nthawi yaitali.

"Mwala mwauona?"

"Alamu, chonde."

"Malemuwa ndinawafunsapo kamodzi, mu Febuluwale inu mutapita. Ndinati mwina titapeko. Anati, 'Mukatsegula, ndiye kuti munthu uja munamugwetsera m'matope pachabe.' Ndiye mukufuna nditsegule lero, iwo ali gone pomwepo?"

Kumanda anthu anatembenukira kwa ine, popeza panalibe mkulu wina wa mpingo. Kapepala kanu kanali m'thumba la malaya. Ndinawerama n'kuwauza kuti sindiloledwa. Kenako msodzi wina anayambitsa nyimbo imene ankangoidziwa vesi loyamba, anaibwereza kawiri, ndipo anakwirira. A Dorofe anabatizidwa mu mpingo uno. Anaikidwa popanda pemphero, ine nditaima pomwepo manja ali kumbuyo.

Epulo

Mvula inadula. Kumunda tinayamba kudya zimanga zaziwisi ndi maungu, ndipo kutupa kwa a Felesiya kunayamba kuphwa. Zokolola za kumtunda zinali zochepa, popeza zambiri zinadyedwa zisanakhwime, zina ndi ife, zina ndi alendo a m'munda. Aliyense ankadziwa kuti nkhokwe sizifika Ogasiti. Anthu anathamangira kudambo kukalima madimba, koma ambiri analibe chodzala. Mbewu ya m'sitolo inalipo kwa amene anali ndi ndalama.

Sindinafune kuwoloka. A Felesiya ndi amene anati, "Mukapanda kupita, mlamu wanga uja wafera chiyani?"

Ndinaona akakowa ndili patali, atatu kapena anayi, ataima pa chinthu chakuda pamwamba pa madzi. A Fulaye anali pa doko, mtsuko uli pambali pawo. Anali ataona bwato.

"Mwachedwa. Mwala watuluka Lachiwiri," anatero. "Onani dothi lake, ngati pali pamene pakandidwa. Lembani pa pepala kuti mwalandira."

"Alamu, musatero."

"Lembani, fodya wanga alibe chopichirira."

Ndinayesa kuseka, koma zinakanika. Anandisiya mpaka nditamaliza kulira, akuyang'ana kumbali, kenako anati, "Basi. Kadzaleni chinyontho chisanathawe."

Tinaswa dothi lija pa dimba, ine ndi a Felesiya. Munalibe ndi nankafumbwe mmodzi yemwe. Mbewu inakwanira dimba lathu n'kutsalako, ndipo yotsalayo tinagawira mabanja atatu oyandikana nafe. Limodzi mwa mabanjawo linali la mayi ake a Bizwiki. Sindikutchula izi podzitama. Mbewuyo sindinaisunge ndine.

Sabata yomweyo ndinalemba kalata yanga yoyamba kwa inu.

Ogasiti

Dimba linabereka. Pamene ena ankayambanso kudya kamodzi, ife tinali ndi chimanga chatsopano. Ndinasenza thumba kupita nalo ku Nampeya. Nyanja inali itayambanso kubwerera m'mbuyo, mwala uli poyera mpaka m'munsi, mphepo ya mwera ikuzizira. A Fulaye anasankhamo zisononkho zochepa za mbewu, zotsalazo anati ndigawire nyumba za adzukulu aja. Ndinazungulira nyumba ndi nyumba. Amene anandimenya khofi analandira atagwada, ndipo tonse awiri tinasowa poyang'ana.

Mu Novembala a Fulaye anawoloka okha, atavala malaya obwereka, kudzachitira umboni pa bwalo lanu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa. Dzuwa litapendeka anauzidwa kuti nthawi yatha ndi nkhani ya malata a tchalitchi, adzabwerenso. Anabweranso mu 2004, n'kuuzidwa kuti abusa atsopano ayambe awerenga mafayilo. Pobwerera anandifunsa kuti, "Kodi mafayilowo analipo pa doko paja?"

Kuyambira 2002 palibe mkulu wa mpingo amene wapondapo pa Nampeya. Ine ndimapitabe, chilimwe pa matope, dzinja pa bwato. Ndimakhala nawo pansi pa mlambe ngati mlendo wamba. Ana abadwa, akulu amwalira, ndipo akandipempha pemphero ndimawauza kuti ndikudikira yankho.

Manyazi ndili nawo, ndipo sadzatha. Ndimawamva ndikadutsa pa manda a a Dorofe, ndimawamva ndikaona chingwe cha ukonde. Koma amenewo ndi a pakati pa ine, alamu anga ndi Mulungu, ndipo alamu angawo anandiveka nsapato tsiku lomwelo. Si manyazi amenewo amene munandiimitsira. Inu munalemba kuti kuba.

Sabata yatha ndinawapeza a Fulaye atagona pamphasa yomwe ija. Mawu awo ndi ochepa tsopano. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Akazi anga munawaika ngati mbuzi. Ine musandichite zomwezo. Akuluakulu anuwo muwauze kuti mwala unaoneka kalekale."

Choncho ndikupempha bwalo la akulu a mpingo, mwaulemu ndiponso molemba, kuti liyankhe funso limodzi. Ngati munthu wotenga mbewu yake, usana, atatchula dzina lake, ndi wakuba, lembani choncho, musayine, ndipo mutume mkulu wina amene adzawoloke kukaika a Fulaye. Mutchule dzina lake kuti ndikawauze adakamva. Ngati si wakuba, zilengezedwe kutsogolo komwe kuja, Lamulungu, ine ndili pa benchi la kumbuyo. Mukafuna umboni, mboni ikadali moyo, ndipo bwato ndilipira ndine. Koma musadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Munthuyo wasiya kudya.

Ine wanu mu mpingo,
Aroni Mukhuna